Ponyaninso, Bambo

Ndidayamba kuphunzira kuponya mpira wa kiriketi ndili ndi zaka 53, imvi zitamera kale, ndipo mphunzitsi wanga adali mwana wanga yemwe, amene tsiku lina ndidamuuza kuti mutu wake ndi mwala. Nkhaniyi ndakhala ndikuisunga mumtima, koma mayi a kunyumba andiumiriza kuti ndiilembe, ati kapena kholo lina lingaimve lisadalakwe monga ndidalakwira ine.

Kwathu ndi ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, kumapiri a kumadzulo kumene malire a dziko lino ndi Mozambique amadutsa pakati pa minda, kotero kuti tsidya linalo nakonso kuli boma la dzina lomweli. Wobwera kuno amasiya msewu waukulu wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre pa mphambano ya Tsangano nayamba kukwera, ndipo pofika amakhala atavala kale juzi. Ndi dziko la mbatata ya kachewere, tirigu, kabichi ndi mapichesi. Ndi dziko la nkhungu ndi chisanu. Masewera amene tidakula nawo ndi mpira wamiyendo, bawo ndi nguli. Za kiriketi tinkangomva kwa abale obwera kuchokera ku Joni ndi ku Harare, amene ankati ndi masewera a Azungu ndi Amwenye, otha tsiku lathunthu anthu atavala zoyera ngati anamwino.

Ine ndine mphunzitsi wa pulaimale, ndipo zaka zambiri ndaphunzitsa masamu m'Sitandade 8. Ndinkadziwika kuti ndine waukali, ndipo ndinkanyadira mbiri imeneyo. Chikwapu changa chenicheni chidali lilime. Mwana wochedwa kumva ndinkamuimika patsogolo pa anzake ndi kumufunsa ngati ubongo adausiya kudimba. Popeza ine masamu adandilowa mosavuta ndili mwana, ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti wolephera amalephera chifukwa cha ulesi basi.

M'chaka cha 2017 mwana wanga wachiwiri, mnyamata wofatsa, adalephera mayeso a Fomu 4, ndipo phunziro limene lidamugwetsa kwambiri lidali masamu omwewo. Manyazi adandigwira, pakuti ndidaganiza kuti mudzi wonse ukuseka mphunzitsi wa masamu. Madzulo ake, pamaso pa amake ndi alongo ake, ndidati, "Mutu wako ndi mwala. Kuphunzitsa iwe ndi kutungira madzi m'dengu." Iye sadayankhe kanthu. Usiku mayi a kunyumba adandiuza motsitsa mawu kuti, "Bambo, ukayenda umasiya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza." Ndidawayankha kuti mwana saleredwa ndi miyambi. Patangopita sabata ziwiri mnyamatayo adanyamula kachikwama napita kwa malume ake ku Limbe, ndipo kwa zaka ziwiri foni yake inkalira kwa amake okha.

Ku Limbeko adapeza ntchito m'sitolo. Ana a mwini sitoloyo ankasewera kiriketi kumapeto kwa sabata, ndipo iye adayamba ndi kuwanyamulira zikwama, kenaka kuwatolera mipira, mpaka tsiku lina adapatsidwa mpira kuti aponye. M'mwezi wa Novembala 2019 ndidapita ku Blantyre kukazonda mlamu wanga amene ankadwala, ndipo mlamuyo, pofuna kutiyanjanitsa, adatikankhira kunja tonse awiri kuti tikaonere mpira. Adali masiku a mpikisano wa Kwacha Cup, pamene timu ya dziko lino inkasewera ndi ya Mozambique ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Amenewo adali masewero oyamba a timu ya amuna ya Malawi a mtundu waufupi wotchedwa T20 olembedwa m'kaundula wa bungwe la kiriketi la dziko lonse, la ICC, ndipo Malawi idapambana 5 mwa masewero 7.

Ndinene zoona, sindidamve kanthu tsiku limenelo. Ndidangoona anthu awiri akuthamanga uku ndi uku pakati pa timitengo, ena ali imeime m'bwalo ngati adikira basi. Koma chinthu chimodzi chidandigwira mtima. Oponya ena ankathamanga kuchokera kutali naponya mwamphamvu, ndipo zimenezo ndidazimvetsa, pakuti mphamvu aliyense amaidziwa. Tsono padabwera wina amene adangoyenda mapazi ochepa naponya mpira wofooka, woti ngakhale nkhalamba ikadaumenya, koma womenyayo adaphonya. Ndidafunsa mwana wanga kuti chachitika nchiyani. Iye adati, "Waupota, Bambo. Ukagwa pansi umakhota." Amenewo adali mawu oyamba aulemu amene tidalankhulana m'zaka ziwiri, ndipo sitidapitirire pamenepo.

Chidatikumanitsanso ndi mliri wa Covid-19. Sukulu zonse zidatsekedwa pa 23 Malichi 2020, malonda adalowa pansi, ndipo mnyamatayo adabwerera kumudzi ndi kachikwama komwe kaja, mutawonjezeka mipira iwiri yakale yofiira. M'nyumba tinkangopatsana moni. Madzulo aliwonse iye ankapita yekha kubwalo la sukulu, nazika timitengo titatu, nayala thumba la feteleza pansi, nkumaponya. Ine ndidalibe ntchito kupatula kumunda, ndipo tsiku lina miyendo idandifikitsa kumeneko. Ndidaima patali ngati woyendera sukulu. Patapita nthawi iye adandiyandikira, nandipatsa mpira ndi manja awiri, nati, "Tayesani, Bambo."

Kwa owerenga amene sadauonepo, mpira wa kiriketi ndi wolimba, wokutidwa ndi chikopa, wolemera pafupifupi magalamu 160, ndipo pakati pake pali msoko wotukuka wozungulira mpira wonse. Woponya ndi womenya amatalikirana mayadi 22, ndiwo mamita 20 ndi pang'ono. Womenya amateteza timitengo titatu tokhala kumbuyo kwake, totchedwa wiketi, ndi thabwa lake, ndipo woponya amaponya mipira 6 asadapatse mnzake. Imeneyo ndiyo ova imodzi. Lamulo limene lidandizunza ine ndi ili: poponya, mkono uyenera kuzungulira pamwamba pa phewa, ndipo suloledwa kuupinda pachigongono ndi kuuwongolanso monga tichitira pogenda. Tsono ine moyo wanga wonse ndidagenda: mbalame kumunda, agalu pakhomo, mapichesi a eni ake ndili mwana. Mkono wa zaka 53 udali ndi njira yake, ndipo sudafune kumva za njira ina.

Mpira wanga woyamba udagwa pafupi ndi mapazi anga. Wachiwiri udauluka pamwamba pa timitengo nukagwera m'tchire. Mwana wanga adakautola, naupukuta pa buluku, nandipatsa, nati, "Ponyaninso, Bambo."

Adandifotokozera kuti kupota mpira kuli mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa zala: umagwira mpira pamsoko pakati pa chala chamkombaphala ndi chapakati, zalazo zitatambasuka, ndipo pouleka umaupotokola monga potsegula chitseko cha kapotepote. Ukaponya ndi dzanja lamanja, mpirawo ukagwa umakhotera kumanja kwako, kulunjika miyendo ya womenya wamanja. Mtundu wachiwiri ndi wa mfundo ya dzanja, pamene mpira umachoka pa chala chovala mphete nukhotera kumanzere, kuthawa womenyayo. Wachiwiriwu umakhota kwambiri koma ndi wosamvera, ndipo iye adati ine ndiyambe ndi wa zala, popeza phewa langa ndi louma. Adanenanso kuti mpira wozungulira kwambiri umanyenga kawiri: m'mwamba umatsetsereka nugwa msanga kusiyana ndi m'mene diso layembekezera, ndipo pansi msoko umaluma dothi nusintha njira. Pamenepo ndidakumbukira nguli ya ubwana wanga, imene imaima chifukwa cha kuzungulira kokha, ndipo ukaikwapula molakwa imathawira kumbali.

Kumva kudali kosavuta. Mutu wa mphunzitsi udamva zonse tsiku limodzi. Koma zala sizidamve. Chala chamkombaphala chidatuluka thuza, thuzalo lidaphulika, ndipo khungu lidalimba patapita mwezi. Usiku tikamaotha moto ndinkasankha mbatata ya kachewere yozungulira bwino ndi kumaipota kuchokera dzanja lamanja kupita lamanzere, mpaka mayi a kunyumba adadandaula kuti mbatata za m'nyumba muno zikufika mumphika zitatupa kale. Mwana wanga adaseka, nati ndisachite manyazi, pakuti Mngelezi wina, Bernard Bosanquet, adatulukira mpira wonyenga wotchedwa googly cha m'ma 1900 posewera ndi mpira wa tenesi patebulo.

Nkhani zotere adali nazo zambiri, ndipo ankandiuza tikamabwerera kunyumba. Adandiuza za Muttiah Muralitharan wa ku Sri Lanka, amene adagwetsa omenya 800 m'masewero aakulu a masiku 5 otchedwa Test, ndi za Shane Warne wa ku Australia, amene adagwetsa 708, onsewo ndi mpira wopota. Koma amene ndidawakonda ine ndi achikulire. Clarrie Grimmett adayamba kusewerera Australia m'masewero a Test mu 1925 ali ndi zaka 33, nagwetsa omenya 216, ndipo ankadziphunzitsa kuseri kwa nyumba yake, galu wake akumutolera mipira. John Traicos adali ndi zaka 45 pamene Zimbabwe idasewera Test yake yoyamba ndi India ku Harare mu 1992, ndipo adagwetsa omenya 5 m'chigawo chimodzi, mmodzi wa iwo Sachin Tendulkar. Woponya mwaliwiro amatha msanga chifukwa msana ndi maondo zimatopa, koma wopota amakhwima ndi zaka. Ine ndidatsutsa kuti anthu onsewo adayamba ali ana. Iye adati, "Kodi inu mufuna kusewerera dziko, Bambo? Ife tingofuna mpira ugwe pathumba."

Koma pathumbapo sunkagwa. Ndidayamba kulemba m'kope monga mwa chizolowezi cha ntchito yanga: m'mwezi wa Meyi, mwa mipira 60 ya tsiku limodzi, yogwa pathumba inkakhala 3 kapena 4. M'mwezi wa Juni idafika 9, kenaka idabwereranso pa 5. Ndikasamala chigongono, zala zinkaiwala kupota. Ndikasamala zala, mpira unkagwa pakati pa njira. Choipitsitsa, ana a sukulu, amene adalibe chochita, adayamba kubwera kudzaonerera. Ankakhala pa chulu, ena mwa iwo omwe aja ndinkawaimika patsogolo pa kalasi, ndipo mpira ukathawira kutchire ndinkamva kuseka kobisa m'manja. Ndidadziwa tsopano m'mene khosi limatenthera ukamalephera anthu akuyang'ana, ndi m'mene manja amaumira ukadziwa kuti ulakwanso.

Tsiku limene sindidzaliiwala lidali la m'mwezi wa Julaye. Nkhungu idatsika msanga, mphepo inkachokera kumapiri, ndipo zala zidachita dzanzi kotero kuti msoko sindinkaumva. Ndidaponya mipira 18 yotsatizana osakhudza thumba ngakhale kamodzi. Wa 19 udapulumuka m'dzanja nugwera kumbuyo kwanga, ndipo ana a pachulu adalephera kudzigwira. Mkwiyo udandikwera. Ndidatola mpirawo, ndidaugenda kutchire ndi mphamvu zanga zonse, ndipo ndidafuula kuti, "Zisiyeni! Ndakalamba ine, mutu wanga ndi mwala!"

Mawuwo atangotuluka ndidawazindikira. Mwana wanga nayenso adawazindikira, pakuti adaima chilili, maso ali pansi. Mlomo umene ndidausiya zaka 3 zapitazo ndidaupeza pabwalo pomwepo, monga adanenera amake. Ndidadikira kuti abweze, ndipo akadabweza sakadalakwa. Koma iye adapita kutchire, nafunafuna mpirawo m'nkhungu kwa nthawi yaitali, naupeza, naupukuta. Atafika adagwira dzanja langa, naika zala zanga pamsoko chimodzichimodzi, monga ndikadayenera kuchitira ine ndi pensulo yake, nati, "Zala zazizira chabe. Ziikeni m'khwapa pang'ono. Ponyaninso, Bambo."

Pobwerera kunyumba tidayenda osalankhula mpaka pamtsinje. Kwa bambo wa msinkhu wanga, woleredwa monga tidaleredwera ife, kupepesa mwana ndi phiri lalitali kuposa onse a ku Tsangano. Ndidatsokomola kawiri, kenaka ndidati, "Mwanawe, mawu aja ndidakuuza chaka chija, ndidalakwa." Iye adati, "Ndamva, Bambo." Sitidawonjezerepo kanthu, koma usiku umenewo adakhala nafe pamoto mpaka nkhuni zidatha, ndipo amake adatuluka kunja kawiri, ati utsi ukuwalowa m'maso.

Mpira wanga woyamba kukhota udabwera m'mwezi wa Ogasiti. Ndidaumva ukuchoka pachala ndi kaphokoso kakang'ono, udagwa m'mphepete mwa thumba, ndipo udapatuka pafupifupi chikhato chimodzi. Chikhato chimodzi chokha, patatha miyezi 4! Koma ndidakuwa ngati mwana, ndipo ana a pachulu adawomba m'manja. Akuluakulu adanena kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Ine mwambi umenewo ndidaulemba pabolodi kambirimbiri, koma ndidaumva tsiku limenelo.

Pofika Okutobala, nthaka itauma ndi kuchita fumbi, ana aja adali atatsika pachulu. Mmisiri wa matabwa adatisemera zomenyera ziwiri za paini, ndipo popeza tidalibe zotchinjiriza miyendo, tinkasewera ndi mpira wa tenesi. Loweruka lina tidagawana matimu awiri, ndipo mwana wanga, amene adali mtsogoleri wa timu yathu, adandipatsa mpira. Womenya adali mnyamata wamphamvu wa m'kalasi langa, amene ndidamunyoza kangapo chifukwa cha masamu ogawa. Mpira woyamba adaumenya nukagwera m'munda wa mbatata osakhudza pansi. Pa kiriketi zimenezo ndi mapointi 6. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu udakwawa mpaka kumalire, mapointi 4. Bwalo lonse lidasokosera, ndipo mtima wanga udati ndiponye mwamphamvu ndi motsika kuti manyazi achepe.

Mwana wanga adabwera nandinong'oneza kuti, "Musathamangitse, Bambo. Akumenyani chifukwa mwachita mantha ndipo mwaleka kupota. Uponyeni m'mwamba, upitirire maso ake, pang'onopang'ono." Kudali ngati kuuza munthu wolumidwa ndi galu kuti atambasulenso dzanja. Komabe ndidamvera. Mpira wachinayi mnyamatayo adangoutchinga. Wachisanu ndidaukweza koposa, ndipo ndidaupota mpaka chala chidawawa. Iye adauona ukubwera ngati nsima yopakulidwa kale, adatuluka pamalo pake kuti authire kumunda, koma mpirawo udagwa msanga, nuluma fumbi, nukhota, nudutsa pakati pa thabwa ndi mwendo wake, nugwetsa kamtengo kapakati. Mnyamatayo adayang'ana kumbuyo, nayang'ana ine, naseka, nati, "Aphunzitsi, mwandinamiza!"

Madzulo ake ndidafunsa mwana wanga chifukwa chimene sadandilande mpira nditamenyedwa chotero. Yankho lake ndilo landichititsa kulemba nkhani ino. Adati woponya mopota aliyense amamenyedwa, ngakhale akatswiri aja, pakuti ntchito yake ndi kuitana womenya kuti amenye mpaka alakwitse. Mtsogoleri amene amalanda mpira kwa wopota pa ova yoyamba yoipa sadzaona wiketi yake, ndipo wopotayo akadziwa kuti alandidwa, amayamba kuponya mwamantha, mpira wosazungulira, umene umamenyedwa koposa. Iye ankanena za kiriketi yokha. Koma ine ndidagona ndikuganiza kuti mu 2017 ndidali mtsogoleri wotere: mwana wanga adaponya ova imodzi yoipa, ndipo ndidamulanda mpira pamaso pa anthu.

Sukulu zitatsegulidwa ndidabwerera m'kalasi ndili munthu wodziwa kulephera. Sindinena kuti ndidasanduka mngelo; lilime lokalamba nalonso lili ndi njira yake, monga mkono. Koma mwana akaima pabolodi choko chili kunjenjemera m'dzanja, ndimakumbukira nkhungu ya Julaye, ndipo ndimamuuza kuti apume, ayesenso. Ndaona kuti ambiri amene ndinkawayesa aulesi adali ozizidwa zala chabe: mantha adawaumitsa. Mwana wanga adalembetsa sukulu yamadzulo, ndipo tinkakhala patebulo limodzi ndi nyali, iye ndi masamu ake, ine ndikulimbana ndi lilime langa. Adalembanso mayeso mu 2022 ndipo adakhoza. Masamu adangodutsa pang'ono, monga mpira wanga umakhotera chikhato chimodzi, koma adadutsa.

Makolo anzanga, timakonda kunena kuti m'mera mpoyamba, ndipo nzoona. Koma mwambi umenewu tisausandutse chikwanje chodulira mwana amene wachedwa, kapena pobisalira ife eni kuti takula, sitingaphunzirenso. Ngati papita zaka zambiri musadakhale wophunzira, funani chinthu chimene simuchidziwa, ngakhale chaching'ono, ndipo mulole mwana wanu akuphunzitseni anthu akuona. Mudzadziwa kulemera kwa mawu amene mumawaponya mosaganiza. Ndipo inu achinyamata amene mudalandira mawu owawa kwa makolo anu, sindikuuzani kuti sadalakwe, adalakwa. Ndingokuuzani kuti mwana wanga adandigonjetsa popanda kubweza liwu ndi limodzi lomwe.

Iye adabwerera ku Limbe, ndipo foni yake tsopano imalira kwa ine ndi kwa amake mofanana. Mpira umodzi mwa iwiri ija adausiya. Chikopa chake chidasupuka ndipo msoko udaphwa, koma madzulo kukakhala kopanda mvula ndimapita nawo kubwalo, ndi thumba langa ndi kope langa. Masiku abwino, mwa mipira 60, yogwa pathumba imafika 25. Googly ndidayesa, ndipo phewa lidakana. Imeneyo ndaisiyira ana. Pakati pawo pali kamtsikana ka Sitandade 6 kamene kamapota mpira kuposa ine, ngakhale theka la mipira yake limathera kutchire. Kakaponya molakwa kamandiyang'ana ndi maso amantha, kudikira mawu a aphunzitsi. Ine ndimapita kukautola, ndimaupukuta pa buluku, ndipo ndimakapatsanso.